Dzina lonyoza litalowa m'nyimbo: lipoti la mkangano wa ndale m'gulu la masapota

Ndine wapampando wa komiti yoona za mwambo m'gulu la masapota a timu ina ya mpira ya mu ligi yaikulu. Lipotili ndalembera anzanga amene asenza udindo ngati wangawu m'magulu ena, chifukwa nkhani imene tinakumana nayo m'chaka cha chisankho inatsala pang'ono kuligawa gulu lathu pakati. Mayina a anthu, a timu ndi a zipani sindiwatchula.

Mmene zinayambira

Gulu lathu muli anthu a ntchito zosiyanasiyana, amayi ndi abambo, achikulire ndi ana asukulu. Timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, timachita hayala basi timu ikamakasewera kutali, tili ndi ng'oma, chinsalu chachikulu cha dzina la timu, ndi nyimbo zathuzathu. M'malamulo a gulu munali mzere umodzi wokha wokhudza nkhaniyi: "Ndale sizololedwa m'gulu muno." Anaulemba ndi amene anayambitsa gulu, ndipo kwa zaka zambiri panalibe chimene chinauyesa.

Chaka chimenecho bwalo limene timu yathu imasewererapo pakhomo linatsekedwa chifukwa silinkakwaniritsa zofunika. Bwalolo ndi la boma. Masewero onse apakhomo anasamukira kutali, ndipo maulendo a pa basi anachuluka. Anthu akakhala m'basi maola angapo, timu itagonja, nkhani imakhala imodzi: walakwa ndani? Ena ankati boma lilipoli lalekerera bwalo. Ena ankati amene analiwononga ndi a boma lapitalo. Kampeni inali itayamba kale, choncho mkangano wa bwalo sunachedwe kusanduka mkangano wa zipani.

Amene anayamba kuona kuti zinthu zavuta anali mayi msungichuma wathu, ndipo anazionera m'buku la zopereka. Anabwera nalo kwa ine n'kundisonyeza mayina a anthu amene anasiya kulembetsa maulendo. Ambiri anali amayi, ndi abambo amene ankabwera ndi ana awo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweretsa dandaulo. Anangosiya kubwera. Mayiwo anati, "A wapampando, mukwere kumbuyo ulendo unawu, mukamve nokha zimene ana athu akumva." Anthu a komiti nthawi zambiri timakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, kuwerenga anthu ndi matikiti, ndipo za kumbuyo zimatifika ngati phokoso wamba la masapota.

Pakati pa nkhaniyi panali anthu awiri. Wina ndi bambo wachikulire, mmodzi mwa oyambitsa gulu, amene wakhala akuimba ng'oma kuyambira kale. Amakonda chipani chimene chinali m'boma, ndipo sabisa. Wina ndi mnyamata amene amayambitsa nyimbo, wa mawu amphamvu ndi lilime lakuthwa, wotsatira chipani chotsutsa. Pa bwalo awiriwa amaima moyandikana, wina akamenya ng'oma wina n'kuponya nyimbo. Tsiku lina ali pa mkangano wa bwalo lija, mnyamatayo anawauza bambowo kuti ndi wogulidwa. Bambowo anamubwezera kuti ndi mwana wosaleredwa, n'kuwonjezera mawu onyoza mtundu wake ndi dera limene makolo ake anachokera, kuti anthu a kumeneko ndi mmene alili onse. Ulendo wotsatira mnyamatayo anabwera ndi nyimbo. Anatenga nyimbo yathu yakale yotamanda goloboyi, n'kuchotsa dzina la goloboyi n'kuikapo dzina lonyoza la bambowo. Theka la basi linavomera.

Zimene tinapeza

Tinafunsa anthu mmodzimmodzi, osati pa gulu. Munthu ukamufunsa anzake a chipani chimodzi akumuyang'ana, amayankha zokondweretsa iwo. Tinayamba ndi amene anasiya kubwera aja, kenako mboni za mbali zonse, n'kumalizira eni ake awiriwo. Aliyense tinkamufunsa mawu enieni amene anamva, osati mmene anamvera mumtima, ndipo mlembi ankalemba mawuwo momwe analili ngakhale anali ochititsa manyazi kuwalemba.

Choyamba kuonekera chinali chakuti lamulo lathu lija linali litasanduka chida. Munthu ankalikumbukira pokhapokha akaona kuti akugonja pa mkangano. Amene wangomaliza kunyoza chipani cha mnzake ndi yemwenso ankakuwa kuti "ndale ayi muno" mnzakeyo akayamba kuyankha. Ndipo palibe amene ankatha kunena kuti ndale zikuyambira pati. Kudandaula kuti bwalo latsekedwa ndi nkhani ya mpira kapena ya ndale? Nanga kufunsa kuti ndalama zokonzera bwalo zinapita kuti? Mu February 2022 FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, inaimitsa Kenya ndi Zimbabwe pa mpira wa mayiko chifukwa boma linalowerera m'mabungwe a mpira a mayikowo. Sapota wa kumeneko akanayankhula bwanji za timu ya dziko lake osatchula boma? Lamulo loletsa ndale zonse limamusiyira woweruza mphamvu yosankha yekha chimene akuchitcha ndale, ndipo woweruza nayenso ali ndi chipani chake.

Chachiwiri, amayi ndi abambo amene anasiya kubwera sankadandaula za mkangano wa zipani. Angapo anati mkanganowo ankaumvetsera, mwina n'kuponyapo mawu awo. Chimene chinawachotsa ndi mawu otukwana, ndiponso nyimbo ija. Bambo wina anandiuza kuti mwana wake wa zaka 9 anafika kunyumba akuiimba, osadziwa kuti akunyoza munthu amene amamupatsa moni Loweruka lililonse. Mawu onyoza mtundu nawo anapweteka anthu ambiri kuposa mnyamatayo, chifukwa m'basimo munali enanso ochokera kuderalo, ena a iwo otsatira chipani chomwecho cha bambo wa ng'oma.

Chachitatu chinatidzidzimutsa. Panali membala wina wa komiti yaikulu amene sanatukwane aliyense, koma mboni za mbali zonse zinkamutchula. Ndiye ankanyamula mawu: akachoka kwa bambo wa ng'oma ankapita kwa mnyamata kukamuuza zimene zanenedwa za iye, akachoka uko n'kubwereranso. Tinadziwanso kuti anali atagwirizana ndi munthu wina wofuna mpando pa chisankhocho kuti atigulire chinsalu chatsopano ndi ng'oma, koma chinsalucho chikhale ndi dzina la munthuyo pansi ndi mtundu wa chipani chake m'mphepete.

Ndipo pa anthu asanu a mu komiti yanga, awiri anali atavomera nawo nyimbo ija.

Zimene tinagamula ndi zifukwa zake

Ndinayamba ndi awiriwo. Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mlanduwu sukanayenda iwo atakhala pa tebulo loweruza. Ndinawapempha kuti apatuke pa nkhani yokhayi. Mmodzi anavomera msanga, wina anawiringula kuti anangoimba mongocheza. M'malo mwawo tinapempha bambo wa ng'oma ndi mnyamata uja kuti aliyense atchule membala mmodzi amene akumukhulupirira, koma winayo akhale ndi ufulu womukana. Zinatenga nthawi, koma pambuyo pake panalibe amene akanati anaweruzidwa ndi adani ake. Ineyo ndinauza onse poyera kuti nanenso ndidzavota pa chisankhocho, ndipo aliyense amene akuona kuti ndikukondera anene mlandu usanayambe.

Msonkhano wa komiti usanakhale, anthu ambiri ankafuna chimodzi mwa ziwiri: kuchotsa onse awiri m'gulu, kapena kukhwimitsa lamulo lakale kuti aliyense wotchula chipani azilipira chindapusa. Zonse ziwiri ndinazikana. Kuchotsa awiriwo kukanachotsanso owatsatira, ndipo tikanakhala ndi magulu awiri a timu imodzi, lililonse ndi chipani chake, akunyozana kuchokera mbali ziwiri za bwalo. Kukhwimitsa lamulo kukanangonola chida chimene chinali chikuvulaza kale.

Tinayang'ana mmene mpira weniweniwo umachitira. Malamulo a masewero amene amasungidwa ndi IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira, safunsa wosewera kuti amavotera ndani. Lamulo 4 limaletsa mawu kapena zithunzi za ndale, za chipembedzo kapena za iye mwini pa zovala zosewerera. Lamulo 12 limati wosewera wolankhula mawu onyoza kapena otukwana apatsidwe khadi lofiira. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo palibe chimene chikuletsa munthu kukhala ndi maganizo ake. Pep Guardiola, ali mphunzitsi wa Manchester City, analipitsidwa mapaundi 20,000 ndi FA, bungwe la mpira la ku England, mu 2018 chifukwa chovala kaliboni kachikasu kosonyeza kuti ali kumbali ya andale a ku Catalonia amene anali m'ndende. Anamulipitsa chifukwa chokavala ali pa ntchito pa masewero, pomwe maganizo akewo ankawanena momasuka kwa atolankhani. Pamenepo tinapezapo mzere wathu. Katundu wa gulu, ndiye kuti chinsalu, ng'oma, jezi ndi nyimbo, sazinyamula chipani chilichonse. Mamembala akhoza kutsutsana za ndale mmene angafunire. Koma kumutcha munthu dzina lonyoza, kumutukwana, kapena kunyoza mtundu wake, ndi mlandu, kaya mkanganowo unali wa ndale kapena wa penate.

Chinsalu cha wofuna mpando uja tinachikana pa chifukwa chomwecho, ndi chinanso choonjezera. Timu ndiyo imalipira zolakwa za masapota ake. Mu 2016 UEFA, bungwe la mpira la ku Ulaya, inalipitsa timu ya Celtic ya ku Scotland mayuro 10,000 masapota ake atakweza mbendera za Palestine pa masewero ndi Hapoel Be'er Sheva ya ku Israel. Kaya wina akuona kuti masapotawo anachita bwino kapena ayi, chindapusa chinagwera kalabu. Tinalemba kalata yothokoza, n'kunena kuti mphatso timalandira ngati ilibe dzina kapena mtundu wa chipani. Mphatsoyo sinabwerenso.

Pamene tinachedwa kwambiri ndi pa chilango cha awiri aja. Ena ankati chikhale chofanana kuti pasaoneke kukondera. Ndikumvetsa mantha amenewo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mudzakumana nawo. Koma chilango chofanana pa milandu yosiyana chimaphunzitsa anthu kuti kunyoza mtundu wa munthu n'chimodzimodzi ndi kumutcha wogulidwa. Malamulo a chilango a FIFA a 2019 anaika kuimitsidwa masewero osachepera 10 kwa wosewera wonyoza mnzake chifukwa cha khungu, mtundu kapena kumene anachokera, pomwe kutukwana wamba kuli ndi chilango chocheperapo. Chofunika n'chakuti mbali iliyonse ilangidwe pa chimene yachita. Pa World Cup ya 2018, Switzerland itagonjetsa Serbia 2-1 ku Kaliningrad, FIFA inalipitsa osewera a Switzerland, Granit Xhaka ndi Xherdan Shaqiri, mafranki 10,000 aliyense chifukwa cha chizindikiro cha chiwombankhanga cha Albania chimene anapanga ndi manja atagoletsa, ndipo inalipitsanso bungwe la mpira la Serbia chifukwa cha zochita za masapota ake. Onse analangidwa, koma aliyense pa mlandu wake ndi muyeso wake.

Bambo wa ng'oma tinawaimitsa masewero 6 ndi kuwapempha kuti apepese pa msonkhano wa gulu lonse, chifukwa mawu awo anakhudza anthu ambiri. Mnyamatayo tinamuimitsa masewero 4. Ena ankati masewero awiri akukwana popeza iyeyo sananyoze mtundu. Ndinatsutsa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna anzanga aikepo mtima. Mawu otukwana onenedwa mokwiya amatha tsiku lomwelo. Dzina loikidwa m'nyimbo limabwerekedwa ndi anthu amene analibe mkangano uliwonse ndi mwini dzinalo, limaimbidwa ndi ana, ndipo wolipeka sangathenso kulibweza. Mnyamatayo anapita kunyumba, anaganiza, anapeka, n'kugwiritsa ntchito udindo umene gulu linamupatsa. Chimenecho ndi chimene tinamulangira. Wonyamula mawu uja tinamuchotsa mu komiti yaikulu chifukwa chopangana za katundu wa gulu popanda chilolezo. Za kunyamula mawu tinangomuchenjeza, poti m'malamulo munalibe poti tigwire. Onse amene anavomera nyimbo, kuphatikizapo anzanga awiri a mu komiti, analandira chenjezo lolembedwa.

Chigamulo tinauza aliyense payekha tisanachilengeze. Mnyamatayo anafunsa funso limodzi: "Akulu, ndiye kuti ndisamanenenso za bwalo?" Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, za bwalo unene mpaka mawu atathe. Chimene tachikana ndi dzina lija." Bambowo anakwiya kwambiri. Anati gulu analiyambitsa okha mnyamatayo asanabadwe, ndipo sangagwadire mwana. Ndinawauza kuti, "Bambo, sitikukupemphani kuti musiye chipani chanu, ngakhale kubweza zimene munanena za boma. Tikupempha mawu amodzi okha, a anthu a dera lija." Anachoka osayankha.

Chomaliza chinali kukonzekera tsiku limene zidzabwerenso. Tinabwereka njira ya masitepe atatu imene UEFA inakhazikitsa mu 2009 yothanirana ndi nyimbo za tsankho pa bwalo, yomwe FIFA inaigwiritsanso ntchito pa Confederations Cup ya 2017: woyimbira amaimitsa masewero n'kuchenjeza, zikapitirira osewera amatuluka kwa kanthawi, zikapitirirabe masewero amathetsedwa. Ife tinati nyimbo yonyoza ikayamba ng'oma isiye. Ikapitirira, basi iime pambali pa msewu. Ikapitirirabe, oyambitsa alembedwe ndipo asakwere ulendo wotsatira. Tinasankha oyang'anira awiri, a zipani zosiyana, oti azikhala kumbuyo kwa basi, n'kugwirizana kuti aliyense azikhala woyamba kuletsa anthu a mbali yake. Munthu amamva msanga akaletsedwa ndi mnzake wa chipani chimodzi.

Zotsatira

Masewero oyamba zitachitika izi anali ozizira. Panalibe woimba ng'oma wozolowera, panalibe woyambitsa nyimbo, ndipo masapota a timu ina anatiposa phokoso pa bwalo. Anthu anatinena kwambiri kuti komiti yapha gulu. Wonyamula mawu uja anatula pansi umembala n'kutenga anthu ochepa kukayambitsa kagulu kawo. Sitinasinthe chigamulo.

Chiyeso chenicheni chinafika pa ulendo woyamba zotsatira za chisankho zitalengezedwa. Tinkadziwa kuti sabata imeneyo ndi yoopsa kuposa nthawi yonse ya kampeni, chifukwa mbali ina imakhala ikufuna kuvina pomwe ina ili ndi bala. Chipwirikiti cha pa bwalo la Maksimir ku Zagreb pa 13 May 1990, pamene masewero a Dinamo Zagreb ndi Red Star Belgrade analephereka, chinachitika patangopita masiku ochepa Croatia, yomwe pa nthawiyo inali mbali ya dziko la Yugoslavia, itachita chisankho cha zipani zambiri. Zathu sizinali za msinkhu umenewo, koma nthawi yake ndi yofanana. Tisananyamuke, mlembi anaima pakhomo la basi n'kuwerenganso masitepe atatu aja.

Titayenda pang'ono, nyimbo yoseka ogonja inayamba kumbuyo, yotchula mayina a mamembala awiri. Woyang'anira wa mbali yopambanayo anaimirira n'kukweza dzanja, ndipo mnyamata amene ankagwirizira ng'oma anaiika pansi pa mpando. Nyimbo inazilala, kenako inayambanso. Tinapempha dalaivala kuti aime. Basi inaima pambali pa msewu, injini itazimitsidwa, nthawi ya masewero ikuyandikira. Sipanakhale kulalikira kulikonse. Amene anayamba kudzudzula oimbawo anali anthu ena onse amene ankaopa kuphonya chiyambi cha masewero. Mnyamata wa nyimbo uja anali atangomaliza chilango chake ndipo anali m'basimo. Anzake anamukodola kuti aiponye bwino, iye anangopukusa mutu. Nyimbo yopanda woitsogolera siipita patali, ndipo inathera pomwepo.

Amene anaiyambitsa anali mmodzi mwa anzanga awiri a mu komiti ya mwambo aja, munthu amene ndimagwirizana naye pa zambiri, ndale zomwe. Popeza anali kale ndi chenjezo, anaimitsidwa masewero 4 monga mnyamata uja, n'kuchoka mu komiti. Ndikukhulupirira kuti chigamulo chimenechi ndicho chinapangitsa anthu kukhulupirira malamulo atsopanowa, kuposa zonse zimene tinalemba. Kuyambira pamenepo madandaulo anayamba kubwera kwa ife mwachindunji, ena ochokera kwa anthu odandaulira anzawo a chipani chimodzi.

Bambo wa ng'oma anatha masewero awo 6 osabwera kudzapepesa, ndipo chilango chinapitirira monga tinanenera. Amene anawafewetsa anali mayi wina wachikulire wochokera kudera lija, mnzawo wa chipani chimodzi, amene anapita kukawaona payekha. Zimene anakambirana ndi zawo. Pa msonkhano wotsatira bambowo anaimirira n'kunena mwachidule kuti mawu a mtundu aja analakwitsa ndipo akuwabweza, koma za boma akadali pomwepo. Mnyamatayo anapepesa za nyimbo, n'kunena kuti za bwalo nayenso akadali pomwepo. Bambowo anabwerera m'gulu koma ng'oma anaisiyira wina, ndipo awiriwa amangopatsana moni basi. Mwa amene anasiya kubwera aja, ambiri anabwerera, ena ayi. Mayi msungichuma tsopano amapereka ku komiti yanga mwezi uliwonse mayina a amene asowa maulendo angapo motsatizana, ndipo timawaimbira foni kufunsa chimene chavuta.

Chatsala n'chakuti dzina lija silinafe. M'basi ndi pa bwalo silimvekanso, koma bambowo atiuza kuti anyamata ena, ena a iwo mamembala athu, amawaitana nalo akakumana nawo kwina. Malamulo athu amagwira pa maulendo, pa masewero ndi pa misonkhano ya gulu pokha. Ena akufuna kuti afike paliponse pamene membala wanyoza membala mnzake, ena akuti komiti ya masapota siyingalondole anthu m'miyoyo yawo yonse. Ineyo ndili kumbali yoti afike, bola dzinalo likhale loti linabadwira m'gulu ndipo pakhale mboni. Nkhaniyi tayiika pa mndandanda wa msonkhano waukulu wa pachaka, ligi isanayambe.